Funsani Wojambula: chotupa chilipo, koma pepala likuti khansa palibe

Mwezi uno makalata abwera ambiri, koma imodzi yandigwira mtima moti ndaipatsa pafupifupi tsamba lonse. Amene munafunsa za msana ndi za mawondo mundikhululukire, ndikuyankhani mwezi wamawa. Kwa amene mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino, dziwani kuti ine sindine dokotala. Ndinagwira ntchito yojambula odwala ndi X-ray kwa zaka zoposa 30, ndinapuma, ndipo masiku ano ndimalima nsawa ndi kuyankha makalata anu kuno ku Chipata.

FUNSO: Atate anga ali ndi zaka 63, ndi mlimi ku Chadiza. Chiyambire nthawi yokolola chimanga akhala akudandaula kuti nsima ikumaima pachifuwa, imatsika pokhapokha akamwera madzi. Phala ndi thobwa zimapita bwino. Ndinawatenga kuti adzakhale kwathu ku Kapata. Kuchipatala anawamwetsa mankhwala oyera ngati laimu n'kuwajambula, kenako tsiku lina anawalowetsa kapaipi ka kamera kukamwa n'kutapako kanyama kukapima. Zotsatira zabwera zakuti kanyamako kalibe khansa. Tinasangalala. Koma adokotala akuti chotupa chilipo ndithu, tipite ku Lusaka akajambulidwe CT. Papepala analemba kuti "submucosal mass at 34 cm, ?leiomyoma ?GIST". Achimwene anga akuti ngati khansa palibe, ulendo wa ku Lusaka ndi wongotaya ndalama, komanso chotupa cha masentimita 34 sichingakwane m'chifuwa cha munthu, ndiye kuti pepalalo ndi labodza. Azakhali akuti pali munthu anawaika chinthu pakhosi chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Ine mutu waima. Timvere ndani?
Mayi wa ku Kapata

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi nambala ija, chifukwa ndikuona kuti ndi imene yadzetsa mkangano pakhomo. Chotupa cha atate anu sichinakule masentimita 34. Kapaipi ka kamera kaja kali ndi mizere ngati tepi ya telala. Dokotala akafika pa chinthu chachilendo, amayang'ana mzere umene uli pa mano akutsogolo n'kulemba nambala yake. Ndiye 34 ija ndi mtunda wochokera pa mano kukafika pomwe pali chotupa. Mwa munthu wamkulu, khomo la chifu limapezeka pafupifupi pa 40, ndipo mmero weniweniwo ndi wautali masentimita pafupifupi 25. Choncho chotupacho chili chakumunsi, kuseri kwa mtima, patatsala pang'ono kuti chakudya chilowe m'mimba. Achimwene anu sananame kuti chinthu cha masentimita 34 sichingakwane m'chifuwa. Angophonya kawerengedwe ka pepala, ndipo ophonya chimodzimodzi ndawaonapo ambiri, ena ophunzira ndithu.

Tsono za kanyama kopanda khansa. Yalani mphasa pabwalo, pansi pake pakhale mwala. Mukaima n'kuyang'ana muona kuti mphasa yatukuka penapake, koma bango lake ndi labwinobwino. Mukatsina pamwamba pa chotukukacho, m'manja mwanu mubwera kachidutswa ka bango, mwala utsala pomwepo. N'zimene zachitika kwa atate anu. Khoma la mmero lili ndi zigawo. M'kati muli kakhungu kosalala komwe chakudya chimatsetserekapo, pansi pake pali nyama yofewa, ndipo pansi pa nyamayo pali minofu imene imafinya nsima n'kuitsitsa m'mimba. Mawu akuti submucosal aja akutanthauza kuti chotupacho chili pansi pa kakhunguko. Kachitsulo kotsinira kamene amalowetsa kudzera m'kapaipi kamangotapa mamilimita awiri kapena atatu a pamwamba. A ku labu apima zimene anapatsidwa, ndipo anena zoona kuti bango ndi labwino. Mwalawo sanauone n'komwe.

Nkhani yabwino m'pepala lanu ilimo ndithu, ndipo musailuze. Khansa ya kummero imene timaidziwa kuno, imene yatitengera anthu ambiri m'midzi ya ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi, imayambira pa kakhungu ka pamwamba komweko. Imeneyo akatsina amaigwira. Dera lathu lino, kuyambira ku Kenya kutsika mpaka ku South Africa, limadziwika padziko lonse kuti nthendayi ndi yochuluka, ndipo anzathu a kutsidya kwa Mwami, ku Malawi, ali m'gulu la maiko amene chiwerengero chawo ndi chokwera koposa. Fodya ndi mowa, makamaka kachasu, ndi zina mwa zimene zimaiputa. M'chaka cha 2016 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaikanso zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zokayikitsa. Inu okonda kupsontha tiyi akadali kubwata mu kapu ya chitsulo, mwamva. N'chifukwa chake munthu wa zaka 63 akati nsima ikuima pachifuwa, aliyense kuchipatala amayamba waganiza za khansa imeneyi. Kwa atate anu, kamera yaona kakhungu kosalala ndipo labu yavomereza. Zikuonetsa kuti nkhani yawo ndi ina, yosowa kwambiri.

Mankhwala oyera aja ndi barium, ndipo ndawamwetsa anthu ochuluka zedi pa moyo wanga. Kuwala kwa X-ray kumapyola nyama yofewa, n'chifukwa chake mmero suoneka pa chithunzi wamba cha chifuwa. Koma barium sikumupyola. Munthu akameza, ife timaona mzere woyera ukutsika ngati madzi mu mfuleni, ndipo maonekedwe a mzerewo ndi amene amatiuza za khoma. Khansa ya pa kakhungu imaoneka yonyenyeka, njira yochepa, m'mbali mwake mokhala ngati chitsononkho choti makoswe adyako. Palinso nthenda ina ya minofu ya pakhomo la chifu, yotchedwa achalasia, imene mmero umatupa pamwamba n'kusongoka kumunsi ngati mlomo wa mbalame. Koma chotupa cha pansi pa kakhungu chimaoneka mwaulemu. Chimangotulukira m'njira ngati theka la dzira, chosalala, madzi a barium n'kumachilambalala monga madzi a mumtsinje amazungulira mwala.

Kusalala kumeneku kunandipusitsapo, ndipo ndimachita nako manyazi mpaka lero. Ndili mnyamata pantchito ndinajambula bambo wina wobwera pa njinga kuchokera kumudzi. Chithunzi chitatuluka ndinaona theka la dzira lija, losalala bwino. Ndinali nditatopa ndi kuona zitsononkho sabata yonse, ndiye ndinakondwa, ndipo pomuperekeza pakhomo ndinamunong'oneza kuti, "Bambo, musadandaule, iyi si khansa." Sinali ntchito yanga kunena zimenezo. Bamboyo atamva mawu a munthu wovala choyera sanaonenso chifukwa chobwererera kwa dokotala, anakwera njinga yake n'kumapita. Anadzabweranso patapita zaka ziwiri atachita kunyamulidwa, m'maso muli mbee, chotupa chitakula n'kuyamba kutaya magazi. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku limenelo pakamwa panga ndinatseka, ntchito yanga inali kujambula basi.

Maina awiri amene ali papepala lanu, aliyense ndi chizindikiro cha funso patsogolo pake, ndi mapasa osiyana mtima. Onse amamera mu minofu ya khoma, onse amaoneka ofanana pa barium ndi pa kamera. Leiomyoma ndi chotupa cha minofu yeniyeniyo. Pa zotupa zonse zosakhala khansa za kummero, chofala kwambiri ndi chimenechi. Chimakula pang'onopang'ono, sichiyenda kupita kwina, ndipo nthawi zambiri chimapezeka mwa anthu ocheperako msinkhu, a zaka za m'ma 30 mpaka 50. Chikakhala chaching'ono chosavutitsa amangochiyang'anira. Chikayamba kutsekereza nsima, dokotala wa opaleshoni amatha kuchisenda m'khomamo monga timatulutsira nsawa m'khoko, mmero n'kutsala wathunthu.

GIST ndi ina. M'khoma la matumbo athu onse muli timaselo tina timene ntchito yake ndi ngati ya woimba ng'oma pa gule: ndito timauza minofu nthawi yofinya ndi nthawi yomasula. Timatchulidwa ndi dzina la katswiri wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, amene anatifotokoza koyamba. GIST imachokera ku mtundu wa timaselo timeneti. Dzinali linayamba kumveka m'chaka cha 1983, koma kwa zaka zambiri madokotala ankazisokonezabe ndi leiomyoma. Mu 1998 ofufuza a ku Japan, motsogozedwa ndi Seiichi Hirota, anapeza kuti mu GIST zambiri muli kachinthu kotchedwa KIT kamene kamakanirira, ngati mpopi wokana kutseka, n'kumangouza selo kuti ligawikane usana ndi usiku. GIST ina imakhala phee zaka zambiri, ina imakula msanga, imataya magazi, imapita ku chiwindi. N'chifukwa chake madokotala amaitenga GIST iliyonse ngati chinthu chotha kusanduka choopsa. Imakonda anthu a zaka za m'ma 60, ndipo ikamera kummero imakonda chakumunsi. Msinkhu wa atate anu ndi nambala 34 ija ndi zimene zawapangitsa adokotala kuti asangokutumizani kunyumba.

Kusowa kwake ndi kotere. M'maiko amene amawerenga bwino, GIST imapezeka mwa anthu 10 mpaka 15 pa miliyoni iliyonse pachaka. Pa zotupa 100 zotere, pafupifupi 60 zimamera m'chifu, pafupifupi 30 m'matumbo aang'ono, ndipo kummero sizikwana bwino n'chimodzi chomwe. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'chigawo chathu cha Kum'mawa tilimo anthu opitirira pang'ono mamiliyoni awiri ndi 400,000. Masamu anga a pakhonde akundiuza kuti, tikatengera mawerengedwe akunjawo, GIST ya kummero ingapezeke mwa munthu mmodzi pa zaka zitatu kapena zinayi m'chigawo chonsechi, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi. Dokotala akhoza kugwira ntchito mpaka kupuma osakumana nayo. Amene waikumbukira n'kuilemba papepala la atate anu, mum'thokoze.

Nanga CT ikaona chiyani chimene barium ndi kamera sizinaone? Ziwirizo zimayang'ana m'kati mwa njira, ngati munthu woima m'nyumba amene akuona kuti khoma latukukira m'kati koma sakudziwa kuti kunja chulu chakula bwanji. Makina a CT amazungulira munthu n'kumujambula mapisimapisi, monga mayi amadulira nzimbe timagawo togawira ana, kompyuta n'kusanja timagawoto. Munthu woyamba anajambulidwa ndi makina otere ku London mu 1971, ndipo amene anawapanga ndi Godfrey Hounsfield. Pa atate anu, CT iyankha mafunso amene dokotala wa opaleshoni sangagwire mpeni asanawamve. Chotupacho n'chachikulu bwanji kwenikweni, poti mbali yoonekera m'njira ikhoza kukhala kansonga chabe? Chatsamira pa chiyani? Pamalo pamenepo mmero wayandikana ndi mtsempha waukulu wa magazi wotchedwa aorta, ndi thumba la mtima, ndi mapapo. Ndipo chiwindi chili bwanji? N'chifukwa chake amajambula chifuwa ndi mimba yomwe, musadabwe mukaona akutsikira m'munsi pomwe vuto lili pachifuwa.

Pojambula amabaya mankhwala pamkono amene amawalitsa magazi. Leiomyoma nthawi zambiri imaoneka yofanana ponseponse, ngati mbatata yoti mwaidula pakati. GIST yaikulu imakonda kuoneka yamawangamawanga, m'mbali mowala, pakati pakuda pomwe nyama inafa chifukwa chosowa magazi. Koma ndikuuzeni mosabisa, poti ndi ntchito yanga yakale: chithunzi chimaonetsa malo, kukula ndi maonekedwe, koma dzina la chotupa sichitchula. GIST yaing'ono ndi leiomyoma zimatha kufanana pa CT moti ngakhale dokotala wozolowera kuwerenga zithunzi amalembabe chizindikiro cha funso. Mukabwera ku Lusaka ndi pepala lokhalabe ndi maina awiri omwewo, musati ulendo unapita pachabe. Mudzakhala mutabwera ndi mapu, ndipo popanda mapuwo palibe angayerekeze kulowa pachifuwa cha atate anu.

Chimene chimafika pa mwala weniweniwo ndi njira ina yotchedwa endoscopic ultrasound, mwachidule EUS. Ndi kapaipi ngati komwe kaja, koma kunsonga kwake kuli kamakina ka sikani konga kamene amaunikira amayi oyembekezera. Poti kagunda khoma kuchokera m'kati, kamaonetsa zigawo zake zisanu ngati mizere yoyera ndi yakuda, ndipo mapasa athu awiriwa amaoneka ngati chinthu chakuda chochokera pa mzere wachinayi, wa minofu. Dokotala akuona chomwecho amatha kutulutsa kasingano kupyola mphasa ija n'kuyamwa timaselo ta mwalawo. Ku labu amatipaka mankhwala osiyanasiyana. Tikagwira otchedwa CD117 ndi DOG1, ndi GIST. Tikakana amenewo n'kugwira desmin, ndi leiomyoma. Apo ndiye dzina limadziwika. Madokotala ena a opaleshoni, akaona kuti chotupa achichotsa ndithu, amasankha kusachibaya, amadikira kuchipima chonse chitatuluka, chifukwa chipsera cha kubaya chimatha kuvutitsa posenda. Njira ziwirizi zonse zili ndi zifukwa zake. Funsani adokotala a ku Lusaka kuti asankha iti ndipo chifukwa chiyani. Kufunsa si mwano.

Mwina mudzamvanso za PET. Amabaya shuga wapadera wowala, ndipo malo amene maselo ali ndi njala yambiri amasonkhanitsa shugayo ngati nyerere pa chigubu cha uchi. GIST imawala, koma leiomyoma inanso imawala, ndiye musagulitse ng'ombe chifukwa chofuna chithunzi chimenechi adokotala asanachipemphe.

Dzina likufunika chifukwa chithandizo n'chosiyana. Ikakhala GIST, a ku labu amayang'ana kukula kwake, ngati yapitirira masentimita 2, 5 kapena 10, amawerenganso kuchuluka kwa maselo amene awapeza akugawikana. Ziwirizi ndi zimene zimanena ukali wake. Yaing'ono imatha kusendedwa, yaikulu imafuna kudula chigawo cha mmero n'kukweza chifu kuti chilumikizidwe, ndipo imeneyo ndi opaleshoni yaikulu. Koma pali mapilitsi otchedwa imatinib, ena amawadziwa ndi dzina lakuti Glivec, amene amatseka mpopi wa KIT uja. Ku America anawavomereza pa GIST mu 2002, ndipo mu 2015 WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Kawirikawiri munthu amamwa mamiligalamu 400 kamodzi patsiku. Nthawi zina amayamba ndi mapilitsiwa kuti chotupa chiphwe asanachite opaleshoni, ndipo amene chotupa chawo chinali chaukali amapitiriza kumwa zaka zitatu chitachotsedwa. Asanabwere mankhwalawa, GIST yofalikira inkakana mankhwala a khansa a mu diripi. Chondisangalatsa ine monga wojambula n'chakuti chotupa chimene chikumva imatinib nthawi zina sichichepa msanga pa CT, chimangoda, kusonyeza kuti chikufota m'kati. Munthu wongoyeza ndi rula akhoza kuganiza kuti mankhwala sakugwira. N'chifukwa chake chithunzi choyamba chiyenera kusungidwa ngati setifiketi ya munda, poti n'chimene adzafanizire nacho zonse zam'tsogolo.

Azakhali musakangane nawo. Iwo akuti pali chinthu pakhosi, adokotala akutinso pali chinthu, kusiyana kwawo ndi pa amene anachiika. Auzeni kuti kamera yachiona ndipo tikupita kukachiyeza. Mapemphero apitirire. Chimene ndikukaniza ndi mankhwala osanzitsa oti "chituluke". Chotupa chili m'kati mwa khoma, sichingatuluke ndi masanzi, ndipo kudzikakamiza kusanza kukhoza kung'amba kakhungu kaja magazi n'kuyamba. Za malire a munda zikakambidwe kwa amfumu atate atachira.

Kwa achimwene anu, nkhawa ya ndalama ndi yomveka. Lusaka ndi kutali, makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndipo munthu wosadya bwino zitunda za ku Luangwa zimamutopetsa. Kuti ulendo ukhale umodzi, musakwere basi musanadziwe tsiku lojambula. Pemphani adokotala amene akukutumizani kuti akuthandizeni kulipeza, ndipo muwafunsenso ngati pali malo apafupi amene angajambule chithunzi chomwecho. Magazi oyeza impso, amene papepala amalemba creatinine, yezetsanitu kuno, chifukwa sabaya mankhwala owalitsa aja asanadziwe kuti impso zili bwino. Tengani kalata yotumizira, reji, khadi la NHIMA ngati ali nalo, pepala la kamera, pepala la ku labu ndi zithunzi za barium. Zithunzizo musazipinde kapena kuzikulunga ngati chikwangwani, ikani pakati pa makatoni awiri. Zikadzapezeka kuti ndi GIST, n'kutheka kuti adzakutumizani ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 ndipo chayandikana ndi chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Dzina la chipatalalo lisakugwetseni mphwayi.

Podikira tsikulo, atate adye pang'onopang'ono koma kawirikawiri: phala lothira nsinjiro, mazira ofewa, mkaka, maungu ophwanya, nsima yofewa yonyowetsa ndi msuzi wambiri. Nyama yowuma, mbewa ndi kapenta wokazinga ziyambe zadikira. Akatha kudya asagone nthawi yomweyo. Muziwayeza pa sikelo sabata iliyonse n'kulemba. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu, kapena asanza magazi, kapena malovu omwe akukana kutsika, musadikire tsiku la ku Lusaka, thamangirani kuchipatala usiku womwewo.

FUNSO: Ine chakudya chimandivuta kumeza miyezi itatu tsopano. Ndinapita pa kiliniki ina yolipira, anandipaka mafuta pamimba n'kundiunika ndi sikani, akuti zonse zili bwino. Kodi ndingakhale ndi mtendere?
Mphunzitsi wa ku Katete

YANKHO: Ayi aphunzitsi, musakhale nawo. Sikani ya pamimba imagwira ntchito ndi mawu osamveka ndi khutu amene amagunda nyama n'kubwerera. Mawuwo sadutsa fupa ndipo sadutsa mpweya. Mmero uli kuseri kwa fupa la pachifuwa, pakati pa mapapo awiri odzaza mpweya, ndiye sikaniyo inaona chiwindi, ndulu ndi impso zanu, koma pomwe mukudandaula sinafikepo. Miyezi itatu ndi yambiri. Pitani kuchipatala chachikulu mukanene mawu awa momwemu: chakudya chikuima pomeza. Mukapemphe kamera, imene amalemba kuti endoscopy. Amafuna kuti mukhale osadya maola 6 kapena 8, amapopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, ndipo kuyang'anako sikutenga mphindi zambiri. Muwauzenso ngati pomeza pamapweteka kapena pamangoima, poti kupweteka pomeza mwa munthu amene chitetezo chake chatsika nthawi zambiri kumakhala mafangasi, ndipo amenewo amachira ndi mapilitsi. Musadikire kuti sukulu itseke.

FUNSO: Amayi anga akuyenera kujambulidwa CT ya pachifuwa, koma ali ndi shuga ndipo amamwa metformin. Anzanga kumsika akuti makinawo amawotcha magazi ndipo munthu sakhalitsa akatulukamo. Nzoona?
Mnyamata wa kabaza, Petauke

YANKHO: Mphwanga, ndikanakhala woyamba kufa ndine, poti ndinakhala moyandikana ndi X-ray theka la moyo wanga, koma pano ndikupalasabe njinga kupita kumunda. Anthu ena amamwaliradi atajambulidwa, chifukwa amafika pa makinawo matenda atapita kale patali, ndiye mlandu umagwera makina. Kuwala kumene CT ya pachifuwa imapereka ndi kochuluka kuposa X-ray wamba, zimenezo nzoona. Kumafanana ndi kumene thupi limalandira lokha kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi kumwamba pa zaka ziwiri kapena zitatu. N'chifukwa chake sitijambula mwachisawawa, ndipo mayi woyembekezera ayenera kunena asanagone pa bedi la makinawo. Kwa munthu wamkulu amene dokotala akufunafuna chimene chikumudwalitsa, kusajambula n'koopsa kuposa kujambula.

Za metformin mwachita bwino kuzitchula. Mankhwala amene amabaya pamkono ali ndi iodine ndipo amatuluka kudzera mu impso. Ngati impso za amayi ndi zofooka, adokotala akhoza kuwauza kuti asiye metformin maola 48 atajambulidwa, koma asasiye okha asanauzidwe. Anene ngati ali ndi mphumu kapena ngati anatupapo thupi atabayidwa mankhwala otere. Muwauziretu kuti mankhwalawo akamalowa thupi limamva kutentha, m'kamwa mumamveka ngati mwaluma ndalama yachitsulo, ndipo ambiri amamva ngati adzikodzera pomwe sanatero. Azimayi achikulire amachita manyazi n'kufuna kudzuka, chithunzi n'kuwonongeka. Zimatha pasanathe mphindi ziwiri. Adzauzidwa kugwira mpweya kwa kanthawi, ndiye yesererani nawo kunyumba madzulo, muziwerenga mpaka 10 iwo atagwira. Akatuluka amwe madzi ambiri tsiku lonselo, ndipo musachoke pawindo musanafunse kuti pepala la zotsatira mudzatenga liti komanso ngati zithunzizo angakuikireni pa CD.